Fataleza Amene Anathela M'nyanja ya Erie

Pa 2 August 2014, anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo, ku United States, anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipopi. Ngakhale kuwawilitsa sikukanathandiza, pakuti poizoni amene analimo safa ndi moto. Poizoniyo anacokela ku ndele zobiliwila zimene zinaphimba mbali ina ya Nyanja ya Erie, kumene mzindawo umatunga madzi.

Cimene cinanenepetsa ndelezo tonse ticidziwa: fosifolasi, cakudya comwe cija timagulila mbewu zathu. Pa thumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10, ndipo nambala yapakati ndiyo ya fosifeti, makilogalamu 10 m'thumba la makilogalamu 50. M'munda cakudyaci cimakulitsa mizu. M'nyanja cimaculukitsa ndele, ndipo ndele zikafa ndi kuola zimatsiliza mpweya umene nsomba zimapuma.

Nyanja ya Erie inadwalapo kale. Mu 1972 maiko a United States ndi Canada anapangana zocepetsa fosifolasi wocokela m'zimbudzi za m'mizinda ndi mu sopo wocapila, ndipo madzi anayela. Koma kuyambila ca m'ma 1995 ndele zinayambanso kubwelela.

Cimene cinaulula gwelo la vutoli ndi kupima. Kuyambila m'ma 1970, akatswili a Heidelberg University akhala akutapa madzi tsiku ndi tsiku mumtsinje wa Maumee, umene umadutsa m'minda ikuluikulu ya cimanga ndi soya usanalowe m'nyanjayo pa Toledo. Amafuna manambala awili: fosifolasi amene ali mu lita imodzi, ndi kuculuka kwa madzi amene akuyenda panthawiyo. Akaculukitsa awiliwa, amapeza matani amene mtsinje wanyamula.

Zolembedwa za zaka zambilizo zinaonetsa zinthu ziwili. Coyamba, katundu wambili amatsika pamasiku owelengeka a mvula yamphamvu. Caciwili, fosifolasi amene anali kuwonjezeka si womatilila ku dothi lokokoloka, koma wosungunuka m'madzi, amene ndele zimadya nthawi yomweyo. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti alimi ambili analeka kutembenuza nthaka, napitiliza kumwaza fataleza pamwamba. Nthaka inasungika, koma fataleza anakhala poyela, kudikila mvula.

Mu 2016 maiko awiliwo anagwilizana zocepetsa fosifolasi wolowa kumadzulo ndi pakati pa nyanjayo ndi 40 pelesenti, poyelekeza ndi caka ca 2008. Mtsinje wa Maumee anauikila malile a matani 860 kuyambila March kufika July. Popanda kupima, palibe akanadziwa ngati malilewo akusungidwa.

Nkhaniyi itikhudza cifukwa ifenso timaphunzitsa ulimi wosatembenuza nthaka, ndipo madzi ocoka m'minda ya kum'mawa amatsikila mu Luangwa, nalowa mu Zambezi, mpaka ku nyanja ya Cahora Bassa. Conco tisunge izi:

Fataleza wobyalila ndi manyowa tiziike m'dzenje kapena mumzele, ndi kukwilila ndi dothi tisanaike mbewu. Tisathile pamene mitambo ikuonetsa cimvula. Khola ndi mulu wa manyowa zikhale kutali ndi mtsinje kapena dambo. M'mbali mwa mtsinje tisiye udzu ndi mitengo, ndipo pamalo otsetseleka tibyale vetiva kutsata akalozela. Kumene kuli kotheka, tipimitse dothi lathu, pakuti munda umene walandila D Compound zaka zambili ungakhale ndi fosifolasi wokwanila kale.

Kupima kwina sikufuna makina. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, titape madzi otuluka kumunsi kwa munda m'botolo loonekela mkati, tiwasiye usiku wonse, ndipo m'mawa tilembe kukula kwa matope okhala pansi. Botolo silidzaonetsa fosifolasi wosungunuka, koma lidzatiuza ngati nthaka ikucoka. Tikacita zimenezi caka ndi caka pamalo amodzimodzi, tidzadziwa ngati akalozela athu akugwila nchito, ndiponso ngati thumba limene tinagula ndi thukuta likudyetsa cimanga kapena ndele.