Kodi Nkhoswe Ndani?

Tikatsika ku Nankhunda kulowa m'tauni ya Zomba, timamva kuti nkhoswe ya parishi ina kumeneko ndi Charles Lwanga Woyera. Mawu akuti nkhoswe sanabadwire m'tchalitchi ayi. Kumudzi, nkhoswe ndi mbale, kawirikawiri malume kapena mlongo, woimira munthu pa ukwati. Banja likagwedezeka amadzutsidwa ndi iyeyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mlandu ukabuka sangakane kuti sizikumukhudza.

Pa Chilatini amati patronus, kuchokera ku pater, bambo. Ine ndimakonda lathuli, chifukwa nkhoswe imavutika nawo. Lwanga anatchinjiriza anyamata a kunyumba ya mfumu Mwanga mpaka kutenthedwa ku Namugongo mu 1886. Omasulira Buku Lopatulika anatchanso Mzimu Woyera Nkhoswe pa Yohane 14:16, pomwe Chigriki chimati Parakletos, woitanidwa kudzaima pambali pako.