Mmene tinatsikira ku Sapitwa wa Google

Amalume anga anayamba kukweza alendo phiri la Mulanje ine ndisanamere mano. Njira ya ku Chambe amaidziwa ngati njira ya kudimba kwawo. Angakuuzeni pamene pali mwala woterera, pamene pali madzi abwino akumwa, ndipo akangoyang'ana mtambo m'mawa amadziwiratu ngati chiperoni chifike masana. Koma nzeru zonsezi zinkathera pa Likhubula, pomwe ankaswera tsiku lonse akudikira mlendo, kawirikawiri n'kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Ine, mwana wa mlongo wawo amene ndinagwirako kompyuta kusukulu, ndinadziguguda pachifuwa kuti nkhaniyi aisiye m'manja mwanga. Ndinawapangira webusaiti. Ndinaunjikamo zithunzi zolemera ngati matumba a simenti, pamwamba n'kulemba m'Chingerezi kuti takulandirani. Ndinali nditamvapo kuti Google imatsatira mawu amene anthu amasaka, choncho mawu oti "Malawi safari" ndinawathira paliponse ngati mwana wophunzira kuphika akapatsidwa mchere. Chonsecho amalume za safari sazidziwa n'komwe. Njovu anaiona kamodzi kokha, ku Liwonde, pa ulendo wa kumpingo.

Nditatero ndinakhala pansi kudikira alendo.

Mwezi unatha, wachiwiri n'kutsatira. Usiku uliwonse ndinkalemba mawu aja pa Google n'kuyamba kudzisaka: tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, bandulo n'kutha ndisanadzione. Anthu amati dzina la Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, limatanthauza malo amene sikupitidwa. Si zoona zimenezo, amalume amafikako chaka chilichonse. Sapitwa weniweni ndi tsamba lachiwiri la Google, ndipo ife tinali kuseri kwake, kumene ngakhale mizimu ya m'phiri siyendako. Otsegula webusaiti yathu anali atatu: ine, ine ndemwe pa foni ya mnzanga, ndi amayi anga nditawakakamiza.

Ndikapita kumudzi, amalume ankandilandira ndi funso limodzi. "Mphwanga, kodi intaneti ija yapsa?"

"Ili pamoto, amalume."

Manyazi anandifikitsa kwa munthu wina wa pa intaneti amene analonjeza kutiika pamwamba m'sabata imodzi. Ndinamutumizira ndalama zokwanira thumba la chimanga. Anatibweretsera malinki mazanamazana ochokera ku masamba a juga olembedwa m'zinenero zimene sindinazionepo. Sitinasunthe ngakhale phazi limodzi, ndipo nambala yake inasiya kupezeka.

Chipulumutso chinandipeza pa chinkhoswe ku Limbe. Ndinakumana ndi mnzanga wa kusekondale amene ntchito yake ndi imeneyi, yothandiza masamba kuti azipezeka anthu akamasaka, imene eni ake amaitchula kuti SEO. Nditamuonetsa webusaiti ija anaseka mpaka kutaya Fanta.

"Aise, ndiye iweyo wavala magolovesi kuti umenyane ndi Tripadvisor ndi Lonely Planet? Lonely Planet inayamba kulemba za maulendo mu 1973. Amalume ako anali ndi zaka zingati?"

Pomwepo, ng'oma zikulira, anandiphunzitsa zimene ndikanayenera kufunsa pachiyambi. Google ili ndi kapulogalamu kotchedwa Googlebot kamene kamayenda pa intaneti, kuwerenga masamba ndi kuwatutira m'nkhokwe. Munthu akasaka, Google imatapa m'nkhokwemo n'kusanja mayankho. Larry Page ndi Sergey Brin, amene anayambitsa kampaniyi mu 1998 atakumana pa yunivesite ya Stanford, anabwera ndi nzeru yoti linki iziwerengedwa ngati umboni. Tsamba lina likaloza kwa iwe, lakuikira kumbuyo. Koma monga pabwalo la mfumu, mawu a nkhalamba imodzi yolemekezeka amalemera kuposa phokoso la zidakwa zodzaza lole. Malinki ogula aja Google inayamba kuwasesa mwamphamvu mu 2012 ndi kusintha kotchedwa Penguin, ndipo kubwereza mawu amodzimodzi ngati nyimbo ya achule imakuona kuti ndi chinyengo. Mwachidule, ndinali nditagula mboni zabodza pa mlandu umene woweruza ankazidziwa kale nkhope.

Kenako ananena mawu amene anatembenuza zonse. "Usiye mawu akuluakulu, ali ndi eni ake. Google imanena yokha kuti pa mafunso 100 alionse amene imalandira tsiku lililonse, pafupifupi 15 amakhala oti sinawaonepo. Anthu amafunsa tinthu ting'onoting'ono timene makampani akulu alibe nato nthawi. Pita ukawafunse amalume ako kuti alendo amawafunsa chiyani."

Loweruka lotsatira ndinali pakhonde pa amalume, kope m'manja. Poyamba anakana, amvekere palibe chanzeru chimene alendo amafunsa. Tiyi atalowa m'thupi, mafunso anayamba kugwa ngati mango a mu Disembala. Kodi kuchoka ku Limbe kufika ku Likhubula pa minibasi munthu amayenda bwanji, ndipo akatsika pa Chitakale amakwera chiyani? Kodi kukwera Sapitwa kumatenga masiku angati? Kodi ku nyumba yogona ya Chisepo kumazizira motani mu Juni ndi Julaye? Kodi m'nyumba za m'phirimo muli mapoto, kapena munthu anyamule ake? Kodi mwana wa zaka 10 angafike ku Chambe? Kodi pa Dziwe la Nkhalamba amasambirapo? Kodi m'nyengo ya mvula phirilo limakwereka? Dzuwa lisanalowe kope linali litadzaza, amalume akadali kuyankhula.

Ndinayesa kulemba mafunso amenewa pa Google. Ndikangoyamba, Google inkamaliza yokha chiganizo, chizindikiro choti ena anafunsapo kale. Koma mayankho amene ankatuluka anali a mizere iwiri, ena akalekale, ena olembedwa ndi anthu amene zikuoneka kuti phirilo analionera pa windo la galimoto. Munda unali pamenepo, wosalimidwa, ndipo khasu linali ndi amalume.

Tinagwetsa webusaiti yonse n'kuyambiranso. Funso lililonse linalandira tsamba lakelake, mutu wake uli funso lomwelo monga mlendo angalilembere, waufupi kuti usaduke pa foni. Yankho tinkaliika pamwamba penipeni, tsatanetsatane n'kutsatira m'munsi. Amalume ankayankhula m'Chichewa, ine n'kumalemba m'Chingerezi chosavuta, osachotsa kanthu pa zimene maso awo anaona: kuti pa njira ya ku Sapitwa pali malo ena pamene munthu amakwawa pakati pa miyala, kuti kuli bwino kunyamuka pa Chisepo m'bandakucha, kuti chiperoni chikatsika wanzeru amabwerera. Ndinamva pambuyo pake kuti mu Disembala 2022 Google inawonjezera mfundo imeneyi pa malangizo a anthu amene amaunika zotsatira zake, yoti aziona ngati wolembayo anazionadi yekha zimene akunena. Amalume anali nazo kale zimenezo m'miyendo.

Zithunzi zija ndinazichepetsa kulemera mpaka tsamba linayamba kutseguka ngakhale pa netiweki ya kumudzi, chifukwa Google imayang'ana kwambiri mmene tsamba likuonekera pa foni. Chithunzi chilichonse ndinachilembera mawu ofotokoza chimene chili pamenepo. Masamba ndinawalumikiza okhaokha, kuti wowerenga za Chisepo apeze njira yopita ku nkhani ya zovala zoyenera kunyamula. Ndinalembetsa ku Google Search Console, yomwe ndi yaulere, n'kupereka mndandanda wa masamba athu onse kuti Googlebot isasochere. Amalume ndinawaika pa Google Maps, ndipo mlendo aliyense akatsika phiri ali wosangalala, tinkamupempha mwaulemu kuti alembepo mmene wayendera.

Kenako kudikira. Mnzanga uja anandichenjezeratu kuti a Google eni ake amati zotere zimatenga miyezi 4 mpaka chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono imeneyi inali yaulesi kwabasi.

Inatulutsa maso tsiku lina Lachiwiri m'mawa. Ndinatsegula Search Console monga mwa chizolowezi, ndikuyembekeza mzere wosonyeza otsegula masamba athu, wogona uja umene ndinauzolowera ngati msewu wa ku Nchalo. Mzere unali utadzuka! Ndinalemba funso la minibasi pa Google, manja akunjenjemera. Tinali pa tsamba loyamba. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinabwereka foni ya mwana wawo kuti nditsimikize kuti Google sikungondisangalatsa ine ndekha. Tinalipo ndithu.

Patangopita masabata ochepa foni ya amalume inalira uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku nambala yakunja. Anali mayi wina wofuna kubwera ndi ana ake awiri, ndipo anati wawerenga tsamba la ana ndi njira ya ku Chambe, akufuna munthu amene analemba zimenezo, osati wina. Amalume anandiimbira akunong'ona ngati foniyo ingamve.

"Mphwanga, munthuyu wandidziwa bwanji?"

"Yapsa, amalume. Sambani m'manja."

Kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kukokana zokha. Mlendo wina atabwerera kwawo analemba za ulendo wake n'kuloza ku tsamba lathu. Malo ena ogona alendo m'munsi mwa phiri anaika linki yathu kuti asamavutike kuyankha mafunso a mapoto. Mboni ziwiri zenizeni zimenezi zinachita zimene malinki mazana a juga aja analephera. Masamba ena anayamba kukwera, limodzi ndi limodzi, ngati alendo pa njira ya ku Lichenya. Pamene UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julaye 2025, ofuna kulidziwa anatipeza titayala kale mphasa.

Lero amalume aja ankaswera pa Likhubula ali ndi kalendala pakhoma, ndipo miyezi ya chilimwe imadetsedwa ndi bolopeni isanafike. Anyamata onyamula katundu amabwera okha kudzafunsa ngati sabata yamawa kuli ulendo. Denga la udzu linatsika, pali malata. Chondiseketsa kwambiri n'chakuti munthu amene ankati palibe chanzeru chimene alendo amafunsa, tsopano akatsika phiri amanditumizira mawu pa foni asanavule n'komwe nsapato. "Mphwanga, lemba iyi. Wina wafunsa ngati kumwambaku kuli potchajira foni. Ikhale ndi tsamba lake." Mawu oti SEO sangawatchule, koma ntchitoyo akuidziwa kuposa ine.

Nanga "Malawi safari"? Ndinayesa dzulo, mwa chidwi chabe. Sitikupezekabe, ndipo ndinagona tulo tabwino. Njovu zizilimbirana mawu amenewo. Munthu amene amalemba zimenezo sakudziwa n'komwe chimene akufuna, pamene wofunsa za kuzizira kwa ku Chisepo mu Julaye chikwama wamanga kale.

Inu amene mwangoyamba kumene, kaya mumasoka madiresi aukwati, kaya mumaweta zinziri, kaya mumaphika makeke m'tauni modzaza ophika anzanu, musataye ndalama kwa olonjeza tsamba loyamba m'sabata imodzi. Gulani kope la masamba 40, mukhale pansi, mulembe mafunso onse amene makasitomala anu amakufunsani mpaka kukutopetsani. Muyambe ndi limene limakutopetsani kwambiri.