Chikatoni cha zithunzi: khoma lonena za mumtima

ULONGWE (Mtolankhani wathu) — Lowani m'nyumba iliyonse m'bairo muno, musanapatsidwe n'komwe mpando, maso anu ayamba kale kuwerenga khoma. Apa pali kalendala ya chaka chatha yomwe mwini wake wakana kuichotsa, apo chithunzi cha timu ya mpira, pambali pake khadi la ubatizo ndi tsamba la nyuzipepala lofiira ndi utsi. Palibe anauza mwini nyumba kuti amate zimenezo. Anasankha yekha, ndipo pa kusankhapo wanena za moyo wake asanatsegule pakamwa.

Mchitidwe umenewu uli ndi dzina kunja kuno. Pachingerezi amati mood board, pomwe pachipwitikizi ena amati painel de inspiração. Ndi thabwa kapena chikatoni chomwe munthu amamatapo zithunzi, tizidutswa ta nsalu ndi mawu ochepa, kuti aone ndi maso chomwe chili mumtima mwake.

Kumene zinachokera

Amene amagwiritsa ntchito kwambiri njirayi ndi akatswiri okonza masitayilo a zovala, okongoletsa m'nyumba ndi otsatsa malonda. Asanadule nsalu kapena kugula penti, amayamba ayika zidutswa pamodzi n'kuima patali kuti aone ngati zikugwirizana. Telala wa pamsika amene amagundanitsa makapulana awiri asanalowetse sizasi amachita zomwezo.

Anthu ophunzira nawonso anaigwiritsapo ntchito. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, katswiri wa mbiri ya zojambula Aby Warburg anakuta matabwa ndi nsalu yakuda n'kumapachikapo zithunzi za zosema zakale, masitampa ndi zodula m'nyuzipepala. Ankazisuntha kawirikawiri pofuna kuona momwe chithunzi china chimayankhulira ndi chinzake. Pomwe ankamwalira mu 1929 anasiya matabwa 63 okhala ndi zithunzi pafupifupi 1,000.

Kuyambira 2010, pomwe Pinterest inatsegulidwa pa intaneti, anthu ambiri amasonkhanitsa zithunzi zawo pafoni. Koma kuno kwathu, komwe ndalama ya intaneti imalimbirana ndi ndalama ya mchere, chikatoni chikadali ndi malo ake. Ndipotu sitinadikire wina kuti atiphunzitse. Amayi a m'midzi ya Angónia ndi Tsangano akhala akuzira nyumba ndi mtsiro, n'kulemba mizere ndi maluwa pakhoma ndi dothi lofiira ndi loyera, aliyense monga mtima wake wakondera.

Khoma la mayi anga

Ine ndinaphunzira kuwerenga khoma ndisanadziwe kuwerenga buku. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, banja lathu linali m'gulu la anthu opitirira 1 miliyoni omwe nkhondo inawathamangitsira ku Malawi. Tinabwerera kuchokera ku Dedza mu 1993, ine ndili wamng'ono, n'kupeza pamudzi pamera tchire.

Nyumba yatsopano itauma, mayi anga anaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumata zinthu zitatu pakhoma la kuchipinda. Choyamba chinali khadi lomwe tinkalandirira chakudya kumsasa. Chachiwiri chinali kachidutswa ka kapulana ya mng'ono wawo yemwe anamwalira panjira pothawa. Chachitatu chinali chithunzi chodula pakalendala, cha ng'ombe ziwiri zikukoka ngolo.

Za nkhondo sankazikamba. Mukawafunsa ankangokutumani kumadzi. Koma khomalo linkasintha, ndipo ife ana tinkaona. Chaka chomwe nkhokwe inadzaza koyamba, khadi lija analimatula n'kuliponya pamoto. Patapita zaka zingapo akugulitsa mbatata ya kachewere, ng'ombe zinalowa m'khola, ndipo chithunzi cha pakalendala anachipereka kwa ana kuti aziseweretsa. Kachidutswa ka kapulana kokha kanakhala pomwepo mpaka tsiku la maliro awo.

Ndinazindikira nditakula kuti pakhomapo panali dzulo lomwe ankafuna kulisiya, mawa lomwe ankalifunafuna, ndi munthu yemwe sankafuna kumuiwala. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu anakonza zonsezi popanda kulemba liwu ndi limodzi lomwe.

Kapangidwe kake

Owerenga athu amene angafune kuyesa sasowa metikali ngakhale imodzi. Pezani chikatoni cha sopo kapena cha mafuta ophikira, muchitambasule. Sonkhanitsani nyuzipepala zakale, makalendala, mapepala okutira mbewu, zotsala za nsalu kwa telala, ngakhale tsamba louma la mtengo wa kumudzi kwanu. Chomatira ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, chodulira ndi lezala kapena sizasi.

Poyamba dulani chilichonse chomwe chakukokani maso, osadzifunsa chifukwa chake. Mukayamba kulingalira kuti anthu adzati chiyani, mudzadula zokondweretsa alendo, osati zanu.

Kachiwiri, musamate tsiku lomwelo. Yalani zonse pamphasa, muzisunthe, zina muchotse. Mugone, m'mawa muzionenso. Zomwe dzulo zimaoneka zofunika, zina lero zikhala zitazilala.

Kachitatu, mukamata, imani patali mudzifunse mafunso atatu. Kodi n'chiyani chabwerezedwa? Kodi n'chiyani chili pakati, nanga chakankhidwira kumphepete n'chiyani? Kodi n'chiyani chikusowa? Mnyamata amene amauza aliyense kuti akudikira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize angadabwe kupeza kuti wadzaza chikatoni ndi madimba, mapampu a madzi ndi matumba a mbatata. Mtsikana amene akukonzekera ukwati angapeze kuti wamata makalasi ndi mayunifolomu a anamwino, mkwati palibe. Chikatoni sichilamula munthu chochita, koma chimamuonetsa funso lomwe wakhala akulizemba.

Pomaliza lembani tsiku kuseri kwake. Pakatha miyezi 6 muchionenso, muchotse chomwe chatha ntchito, monga anachitira mayi anga ndi khadi lija.

Chenjezo

Pali msampha womwe tiyenera kuunena poyera. Achinyamata ambiri amadzaza khoma ndi magalimoto onyezimira ndi nyumba zosanja za ku Johannesburg, n'kumakhulupirira kuti kuziyang'ana tsiku ndi tsiku kudzazibweretsa pakhomo. Katswiri wa za maganizo Gabriele Oettingen, wa ku New York University, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2014 anatulutsa buku lotchedwa Rethinking Positive Thinking. Iye anapeza kuti anthu amene amangolota zinthu zitawayendera kale amachepa khama, kaamba koti mtima umakhuta ngati afika kale. Amene amapita patsogolo ndi amene amayika loto lawo pambali pa chopinga chenicheni chomwe chili panjira, n'kukonzeratu chochita akakumana nacho.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Choncho pambali pa chithunzi cha makina osokera, matani kapepala kolembapo mtengo wake ndi ndalama yomwe mungasunge pamwezi. Ngati chopinga chanu ndi mowa wa Loweruka, nachonso chipezeke pachikatonipo.

Chenjezo lina ndi la chinsinsi. Chikatoni chonena zoona chimavula mwini wake. Si chilichonse choyenera kupachikidwa pabalaza, kapena kujambulidwa n'kutumizidwa pa Facebook ndi WhatsApp, komwe chithunzi chikapita sichibwereranso. Malo ake abwino ndi kuchipinda, kuseri kwa chitseko. Makolo nawonso akapeza mwana wamata zake, asathamangire kumatula ati n'kuipitsa nyumba. Ndi bwino kukhala pansi n'kumufunsa modekha chifukwa chomwe wasankhira chithunzi chakutichakuti. Ana ena amene sayankha akafunsidwa za mumtima, amamasuka akafunsidwa za chithunzi.

Tinenenso kuti chikatoni si mankhwala. Munthu amene chisoni chamukulira mpaka kulephera kudya ndi kugona, kapena amene akuganiza zodzivulaza, aperekezedwe kuchipatala ndipo abale akhale naye pafupi.

Kachidutswa ka kapulana kaja kali ndi ine. Ndinakamatula bwinobwino nyumba ya mayi isanagwe ndi mvula, ndipo lero kali pakona ya chikatoni changa, pambali pa fomu ya mayeso omwe ndakhala ndikuzengereza kukalemba. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti nsalu yakutha chonchi ndikuisungiranji. Usiku umenewo anamva koyamba dzina la agogo ake aang'ono, ndi njira yomwe banja lathu linayenda popita ku Dedza.