Kupita ku India pa viza ya pa intaneti: zimene wodwala ndi gadiyani ayenera kudziwa

Madokotala akanena kuti matendawa akufunika ku India, banja limayamba kuwerengera ndalama za kuchipatala ndi matikiti a ndege. Za viza zimakumbukika mochedwa. Kale munthu ankayenera kukaonekera ku ofesi ya kazembe, kusiya pasipoti n'kumadikira kuti amatemo chipepala. Kuchokera mu Novembala 2014, India inatsegula njira yopemphera viza pa intaneti, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko oposa 160 amene nzika zawo zikhoza kuigwiritsa ntchito. Munthu ali ku Mzimba kapena ku Nsanje angathe kumaliza zonse pafoni, pasipoti ili m'chikwama.

Funso loyamba limene ambiri amafunsa ndi lakuti, nanga vizayo ili pati? Mukatsegula pasipoti mupeza mulibe kanthu. Chilolezocho chili m'makompyuta a boma la India, cholembedwa pa nambala ya pasipoti, dzina ndi tsiku lobadwa la mwiniwake. Chimene chimabwera pa imelo ndi chikalata chotchedwa ETA, chololeza munthu kunyamuka ulendo. Chidindo chenicheni amakadinda pabwalo la ndege ku India komweko, atamujambula nkhope ndi kumutenga zidindo za zala. Ofisala wa pamenepo ali ndi mphamvu zomubweza munthu ngati zolembedwa sizikugwirizana.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ku ofesi ya kazembe kunkakhala kalaliki woyang'ana fomu n'kukuuzani kuti apa mwalakwitsa. Pa intaneti kalaliki ndi inu nomwe. Kompyuta siidziwa kuti chilembo cha O chimene mwalemba mu nambala ya pasipoti mumatanthauza 0, kapena kuti dzina lachiwiri mwalisiya chifukwa kunyumba palibe amene amakuitanani nalo. Ena amasinthanitsa dzina la bambo ndi dzina lawo loyamba, ena tsiku ndi mwezi. Njira yabwino ndi kutsegula tsamba lokhala ndi chithunzi lija n'kumakopera chilembo ndi chilembo, kenako wina awerengenso musanatumize. Ndalama yolipirira siibwezedwa, kaya viza yatuluka kaya yakanidwa, choncho chilembo chimodzi chikhoza kumulipiritsa munthu kawiri.

Vizazi zili m'mitundu. Pali ya okaona malo, ya amalonda, ya opita kumisonkhano, ndiponso ya odwala imene amaitcha e-Medical. Ya odwalayi imayamba kugwira ntchito tsiku lolowa m'dzikomo, ndipo munthu akhoza kulowa nayo kangapo. Imafuna kalata yochokera kuchipatala cha ku India chimene chavomera kulandira wodwalayo. Gadiyani ali ndi yakeyake, e-Medical Attendant, ndipo wodwala mmodzi amaloledwa magadiyani awiri basi. Aliyense amalemba fomu yake ndi pasipoti yake, ngakhale mwana wapamsana.

Pempho liyenera kutumizidwa kutatsala masiku osachepera 4 kuti munthu afike ku India, koma kudikira mpaka pamenepo ndi kudziputira mavuto. Pasipoti ikhale yoti idakali ndi miyezi 6 isanathe, komanso ikhale ndi masamba awiri osadindidwa. Chithunzi amafuna cha mbali zonse zofanana, nkhope yoonekera bwino, kumbuyo koyera.

Kenako pamabwera kulipira. Malipiro ake ndi a m'madola, pakhadi ya kubanki monga Visa kapena Mastercard. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kwavuta m'dziko muno zaka zapitazi, si khadi iliyonse imene imalola kugula zinthu kunja, choncho ndi bwino kuyamba mwafunsa kubanki. Mpata umenewu ndi umene madobadoba alowerapo. Aja ankaima panja pa maofesi aboma ali ndi anzawo pa intaneti: masamba okongoletsedwa ndi mbendera ya India, amene amatulukira pamwamba munthu akafufuza pa Google. Ena amakulemberani fomu yomweyo n'kuwonjezapo mtengo wawo, ena amangolandira ndalama n'kusowa, atatenganso chithunzi cha pasipoti yanu. Tsamba la boma ndi indianvisaonline.gov.in, ndipo boma la India limachenjeza lokha kuti silinatume wina aliyense kulandira ndalama m'malo mwake.

Kodi n'kofunika kupulinta chikalata cha ETA chija poti chili kale pafoni? Inde. Malamulo a India amati munthu akhale nacho paulendo, ndipo pamaso pa ofisala pepala silitha batire. Woyamba kuchifuna si Mmwenye ayi, ndi wa kampani ya ndege pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka. Makampaniwa amalipitsidwa chindapusa akanyamula munthu wopanda zikalata zokwanira, ndipo amayenera kumubweza komwe anamutenga. N'chifukwa chake amayang'ana mu Timatic, kaundula wa bungwe la IATA wosonyeza zimene dziko lililonse limafuna. Pachikalatapo payenera kuoneka mawu akuti GRANTED. Risiti yosonyeza kuti fomu inalandiridwa si viza, ndipo sangakukwezeni nayo ndege.

Palibe ndege yochoka ku Malawi molunjika ku India. Ambiri amadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines kapena ku Nairobi pa Kenya Airways. Viza ya India ilibe ntchito m'mayiko awiriwa, ndiye amene akufuna kutuluka m'bwalo la ndege kukagona mumzinda afunsiretu malamulo a kumeneko. Palinso nkhani ya matenda a yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ndi mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo India salekerera pa nkhaniyi: wopanda kabuku kachikasu ka katemera, ngati anatuluka m'bwalo la ndege, akhoza kusungidwa payekha mpaka masiku 6. Kwa munthu amene akudikiridwa ndi opaleshoni, masiku amenewo ndi ambiri. Katemerayo amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni.

Kolowera nakonso ndi kosankhidwa. Delhi, Mumbai, Chennai, Bengaluru ndi Hyderabad onse ali pamndandanda wa mabwalo olandira viza yotere.

Nanga pasipoti ikatha munthu n'kutenga ina? India amalola kulowa ndi yatsopano bola yakale ija, imene viza inalembedwapo, ikhale m'manja.   

Chomaliza ndi chimene mabanja ambiri saganizira ponyamuka: chithandizo chikatalika kupitirira masiku a viza. Matenda ngati khansa kapena a impso sayendera tsiku limene ladindidwa m'pasipoti. Zoonjezera masiku zimayendetsedwa ndi ofesi ya FRRO, imene imaona za alendo ku India, ndipo pempho limatumizidwanso pa intaneti pamodzi ndi kalata ya dokotala. Wopitiriza masiku popanda chilolezo amalipira chindapusa ndipo satuluka m'dzikomo mpaka atapeza chikalata chomulola kutuluka. Gadiyani ayang'ane tsiku limene ofisala walemba pachidindo chija pa tsiku lofika lomwelo, ndipo akaona kuti wodwala sachira msanga, apemphe chipatala chiyambe za FRRO masikuwo asanathe.