Madzi Akatentha, Nsomba Zamoyo Zimabanika

Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo kuno kunyanja. Iyi ndi nyengo imene ambiri timaluza nsomba zamoyo zimene tasunga m'ndowa kapena m'zigubu, monga mbewu ya makumba ndi chilunguni yopita ku maiwe a ku Mpamba, komanso nsomba zokongola za ku Kande ndi Usisya zimene anthu akunja amaweta m'nyumba zawo.

Kodi chimapha nsombazi n'chiyani? Nsomba imapuma mpweya umene uli m'madzi. Madzi akatentha, mpweyawu umachepa. Pa madigiri 20, lita imodzi ya madzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9 a mpweyawu, koma pa madigiri 30 imasunga 7.5 okha. Chonsecho kukatentha m'pamene nsomba imafuna mpweya wochuluka. Tikaona nsomba zikubwera pamwamba n'kumayasamula, tidziwe kuti zikubanika.

Choncho tiyeni titsatire izi:

1. Tinyamule nsomba mbandakucha kapena madzulo.
2. Tiike ndowa pamthunzi ndipo tiikulunge ndi chiguduli chonyowa.
3. Tisathithikize nsomba m'ndowa imodzi.
4. Tisazidyetse kwa tsiku limodzi tisanazinyamule.
5. Tisinthe madzi pang'onopang'ono. Madzi ozizira kwambiri othira mwadzidzidzi nawonso amapha.
6. Tikafika padziwe, tiviike ndowa m'madzi kwa mphindi 15 tisanatulutse nsomba.

A makomiti a m'madoko, tiyeni tikumbutsane izi pamisonkhano yathu. Mbewu ikafera panjira, banja limataya ndalama ndi ndiwo zomwe.