Kuimitsa ntchito pa makompyuta ogawana

Nyanja ya Chilwa, yomwe imakhudza maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Kulosera za madzi a nyanja yotere kumadalira masamu a mvula ndi kutentha, omwe amawerengedwa pa cluster, kutanthauza makompyuta ambiri olumikizidwa kuti azigwira ntchito limodzi. Popeza ofufuza ambiri amagawana makinawo, pulogalamu yotchedwa scheduler imandandalika ntchito zawo ngati matumba odikira kuchigayo.

Ntchito ikalakwika, mwini wake ayenera kuiimitsa msanga, chifukwa imatsekereza anzake pachabe. Pa Slurm, scheduler yomwe inayambira ku Lawrence Livermore National Laboratory, wofufuza amalemba squeue kuti aone nambala ya ntchitoyo, kenaka scancel ndi nambalayo, pomwe scancel -u ndi dzina lake imathetsa ntchito zake zonse, n'chifukwa chake imafuna kusamala kwambiri. Slurm imayamba yatumiza chizindikiro cha SIGTERM, chopatsa ntchito mpata wosunga zomwe yapeza, ndipo kawirikawiri pakatha masekondi 30, SIGKILL imaithetseratu. Kompyuta yaikulu ya Lengau ku Cape Town imayendera scheduler ina yotchedwa PBS, ndipo kumeneko lamulo loimitsira ntchito ndi qdel.