Sitima ya Nthunzi Imene Ikuyendabe pa Mtsinje wa Nile

Ambiri a ife tikamva za sitima ya pamadzi timakumbuka Ilala ya pa nyanja yathu. Koma ku Egypt kuli sitima ina yakale kuposa Ilala, dzina lake Sudan. Zonse ziwirizi zidapangidwa ku Scotland. Sudan idapangidwa mu 1921 mu mzinda wa Paisley, ndipo idali ya kampani ya Thomas Cook yonyamula alendo okaona malo.

Kuyenda kwake nkochititsa chidwi. Moto umawiritsa madzi, nthunzi yake nkumakankha injini, ndipo injiniyo imazunguza magudumu awiri akuluakulu, lina mbali ino lina mbali inayo. Magudumuwo ali ndi matabwa amene amapalasa madzi monga achitira msodzi ndi nkhafi. Nchifukwa chake imayenda mosafulumira, ndipo mlendo amaona bwino minda ya nzimbe, mitengo ya tende ndi ana akumwetsa ziweto m'mbali mwa mtsinje.

Mlembi wa ku Britain, Agatha Christie, adakweramo mu 1933. Pambuyo pake sitimayi idakhala zaka zambiri ili chikochezere, mpaka idakonzedwanso. Lero imayenda masiku angapo pakati pa Luxor ndi Aswan, mtunda wopitirira makilomita 200, nkumaima pa Edfu ndi Kom Ombo kuti alendo akaone nyumba zopembedzeramo za anthu akale.

Msilamu angaphunzirepo chiyani? Uwu ndi mtsinje umene mayi wa Mneneri Musa (AS) adaponyamo mwana wawo ali m'bokosi, poopa asilikali a Firauni, monga tiwerengera mu Surat Al-Qasas. Mafumu amene ankadzitama kuti mitsinjeyi ndi yawo adapita kalekale, ndipo zatsala ndi zipilala zimene alendo amalipira ndalama kuti akazijambule. Ku Luxor, mkati mwenimweni mwa nyumba ina yotereyi, muli msikiti wa Abu al-Haggag, umene adhana imamvekabe kasanu pa tsiku. Ana athu a ku madrasa amaidziwa nkhani ya Musa pamtima, koma ambiri amadabwa akamva kuti mtsinjewo ulipo ndithu ndipo anthu akumwabe madzi ake.

Wofuna ulendo wotere akumbukire zinthu zitatu. Choyamba, swala siimitsidwa chifukwa cha ulendo. Wapaulendo waloledwa kufupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, koma poti mtsinje umakhotakhota, afunse kumene kuli Qibla nthawi iliyonse asanayambe kuswali. Chachiwiri, sitima zambiri za alendo zimagulitsa mowa, choncho adziwe pokhala iye ndi banja lake. Chachitatu, ulendowu ndi wa ndalama zambiri. Amene Allah wampatsa chuma chokwanira koma sadachite Hajj, ayambe wapita ku Makka, chifukwa Hajj ndi faradhi pamene kuona Nile ndi chisangalalo chabe.

Ife amene sitingafikeko tisadandaule. Madzulo ano itanani ana, muwaonetse pa mapu pamene pali Luxor ndi Aswan, kenako muwafunse kuti adamtola Musa m'madzimo ndani. Allah atipatse maso oona zizindikiro zake. Amin.